Mayina amene safika pa bolodi

Adzukulu anga, inu amene mayina anu atuluka kuti mukayambe Fomu 1, takhalani pansi kaye. Ndawaona amayi anu pamsika wa Thekerani akusankha nsalu ya yunifolomu. Ena agulitsa nkhuku, ena atapa nandolo yemwe amasungira mbewu. Ndakondwa nawo pamodzi, pakuti mwa ana onse amene amakhoza mayeso a Sitandade 8 m'dziko muno, osankhidwa kupita kusekondale sakwana ndi theka lomwe. Koma musanavale yunifolomuyo ndili ndi mawu. Ndakhala m'komiti ya makolo zaka zambiri, ndipo ana olowa pageti ndi chimwemwe chonga chanuchi ndawaona ochuluka.

Chaka ndi chaka, MANEB ikatulutsa zotsatira za MSCE ku Zomba, aphunzitsi aakulu amamata pepala pa bolodi kunja kwa ofesi. Anthu amaunjikana ngati pogula chimanga chaka cha njala. Wina akutsata dzina ndi chala, wina akululutira, wina wazemba mwakachetechete kulowera kuseri kwa kalasi. Inenso ndimapitako, ngakhale maso anatha ndipo amachita kundiwerengera ana. Anthu amafunsa kuti akhoza angati, wapeza mapointi ochepa ndani. Ine funso langa limakhala lina. Mwa ana aja tinawalandira zaka 4 zapitazo, afika papepalali ndi angati? Pepala la pa bolodi limanena za okhawo amene analowa m'chipinda cha mayeso. Kuti mudziwe za amene anatsala m'njira, muyenera kutsegula kaundula wa Fomu 1. Tsiku lina madzulo tinachita zimenezi ndi mphunzitsi wina, tikutchula dzina limodzilimodzi. Uyu? Anakwatiwa ku Sandama. Uyu? Ali pa kabaza ku Luchenza. Uyu ali ku Joni. Uyu akuthyola tiyi. Uyu anawoloka Ruo, akulima ku Mozambique. Uyu palibe akudziwa. Tinatseka kaundulayo kutada, ndipo pobwerera tinayenda osayankhulana.

Mukalowa m'kalasi tsiku loyamba mudzamwaze maso. Mudzaona mwana wa mayi wothyola tiyi atakhala benchi limodzi ndi mwana wa namwino wa pachipatala. Mudzaona ana a alimi a nandolo ndi chinangwa, ana a ogulitsa pamsika, ana amasiye oleredwa ndi agogo awo. Wina ali ndi zaka 13, wina 18 chifukwa anabwereza Sitandade 8 kangapo kufuna kusankhidwa. Wina kwawo agogo amamuyankhula Chilomwe, wina Chimang'anja. Wina watuluka m'nyumba belu likulira, wina wadzuka tambala woyamba n'kutsika phiri, kuwoloka mtsinje, kukweranso phiri lina m'mimba mulibe kanthu. Atsikana ndi anyamata mudzakhala pafupifupi chiwerengero chimodzi. Zimene ndaona ine ndi zakuti pofika Fomu 4 mipata imachuluka kumabenchi a atsikana, ndipo mwa anyamata amene amasowa ndi akutali ndi osauka. Otsala amakhala ambiri a pafupi ndi sukulu, ndi amene makolo awo amalandira kumapeto kwa mwezi. Musaganize kuti otsalawo ndiwo anzeru kuposa anzawo. Ena mwa ana anzeru kwambiri amene ndinawadziwa sanalembeko MSCE.

Ndikuuzeni kumene tachokera, mwina mumvetsa chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Ambiri a ife makolo athu anachokera kutsidya, dziko la Apwitikizi, kudzafuna pokhala. Anapeza malo abwino a Thyolo ali m'manja mwa azungu a maesiteti, ndipo kuti munthu amange nyumba ndi kulima kamunda ankayenera kugwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Thangata inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma malo sanabwerere kwa ife. N'chifukwa chake mukuona tikulima m'mapiri otsetsereka, munda wa agogo utagawidwa kwa ana, ana n'kugawiranso ana awo mpaka kutsala mizere yowerengeka. Sukulu zinalipo, za mishoni, monga Malamulo ku Makwasa kumene a Seventh Day anakhazikika mu 1902. Koma mwana wa munthu wa thangata ankafunika kumunda wa mzungu msanga.

Ine ndinalekeza Sitandade 8, ndipo Sitandade 8 yomweyo inandipatsa ntchito ya ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ina. Zaka zambiri ndakhala pansi pa shedi ndi buku ndi pensulo, mvula ikugwa, amayi akubwera pamzere ndi madengu kumsana atadzikulunga mapepala a pulasitiki, zala zitachita dzanzi. Dengu likakwera pasikelo, muvi umazungulira n'kuima. Chimene sindidzaiwala ndi ichi: amayi ambiri sankayang'ana muviwo. Ankayang'ana nkhope yanga. Manambala sankawadziwa, ndiye makilo awo anali pakamwa panga. Ndikanati 28 pomwe ndi 31, akanangoti zikomo n'kubwerera m'munda. Tsiku la malipiro ankadinda chala papepala lomwe sankatha kuliwerenga. Ena mwa amayi amenewo ndi agogo anu enieni. Yunifolomu yanuyi mwaigula ndi zala zawo.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chinachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amenewo atayamba kuyandikira Sitandade 8, masekondale anali ochepa. Ndiye kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linatenga malo amene tinkati ma DEC, kumene anthu ankaphunzira ndi mabuku a MCDE, n'kuwasandutsa ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Ambiri a inu mwasankhidwira kumeneko. Amene anakhoza pamwamba kwambiri apita kumasekondale a dziko lonse, ena ku Thyolo Secondary ndi ena a m'boma lathu.

Sindikubisirani. M'dziko muno ma CDSS ambiri alibe labotale, laibulale ndi kabati imodzi, buku limodzi ana angapo, ndipo mphunzitsi mmodzi amasenza maphunziro awiri kapena atatu. Zotsatira zikatuluka, ma CDSS ndiwo kawirikawiri amakhala kumunsi. Zaka zapitazi okhoza MSCE dziko lonse akhala pakati pa 40 ndi 60 pa ophunzira 100 aliwonse, ndipo sukulu zogonera konko ndi za mishoni ndizo zimakoka chiwerengerocho kupita kumwamba. Ichi ndi chosalungama, ndipo ife akulu tiyenera kupitiriza kuchinena kwa a maphunziro ku Thyolo ndi kuchigawo cha Shire Highlands. Koma pepala la mayeso ndi limodzi. Limene akulemba mwana wa ku Blantyre Secondary ndi lomwelo mudzalembe inu, ndipo wochonga sadziwa ngati munabwera pa basi kapena wapansi. Chaka chilichonse pamndandanda wa osankhidwa kupita kuyunivesite pamapezeka ana a ma CDSS. Ndi ochepa, koma amapezeka, ndipo anaphunzira pansi pa malata ngati omwewa.

Tsono mvetsetsani masamu a mayesowa lero, osadikira Fomu 4. Ana ambiri amawadziwa madzi atafika kale m'khosi. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndi kulephera. Amatenga maphunziro 6 amene mwachita bwino n'kuphatikiza magiredi ake, amenewo ndiwo mapointi, ndipo akachepa ndiye kuti mwakhoza bwino. Mapointi 6 ndiye pamapeto. Koma pali msampha. Mukalephera Chingelezi, satifiketi palibe, ngakhale masamu mutapeza 1. Mukakhoza maphunziro 6 onse ndi mapasi okhaokha popanda kirediti ndi imodzi yomwe, satifiketi palibenso. Ndipo kuti mulembere kuyunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingelezi chili momwemo. Ndaona mnyamata akuvina pa bolodi kuti wakhoza, patapita mwezi n'kuzindikira kuti pepala lakelo silimutsegulira khomo limene ankalifuna. Anali ndi makirediti 4, ndipo palibe anamuuzapo kuti awerenge makirediti.

Chingelezi chimenechi ndicho chimagwetsa ana athu ambiri, chifukwa kupatula Chichewa pafupifupi maphunziro onse amabwera m'Chingelezi. Mwana amaidziwa bwino nkhani ya nthaka ndi manyowa kuposa mwana wa m'tauni, koma funso la Agriculture osalimva chimene likufuna. Mankhwala ake ndi kuwerenga. Werengani chilichonse chimene chagwa m'manja mwanu, nyuzipepala yokulungira zinthu kusitolo, Baibulo la Chingelezi pambali pa la Chichewa, buku la mkulu wanu lothothoka chikuto. Yankhulani m'kalasi ngakhale anzanu aseke. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi akalemba mawu amene simukuwadziwa, kwezani mkono. Ndipo musanyoze Chichewa poyesa kuti n'chapafupi, kirediti yake imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya Physics.

Za likasa ndinene mwachidule. Mu 2020 mayeso a MSCE anabedwa, boma linawathetsa ana ali mkati molemba, ndipo dziko lonse linalembanso mu Januwale 2021. Olakwa ndi osalakwa anavutika limodzi. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi pepala la mawa pafoni, ndalama yanu isatuluke m'thumba.

Tsopano ndifike pamene ana athu amagwera. Sagwa mu Juni kapena Julaye polemba mayeso ayi. Amagwa mu teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka Epulo. Miyezi imeneyo zinthu zonse zimakumana pamodzi. Nkhokwe zatha, chimanga pamsika chakwera. Mvula ikugwa, mitsinje yadzaza, njira za m'mapiri zikuterera. Kumunda kukufunika kupalira ndi kubandira. Ndiyenso nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri, ganyu amapezeka paliponse, akuluakulu apanyumba onse ali kokathyola ndipo wina ayenera kutsala ndi ana aang'ono. Mwana amajomba Lolemba kuti akagwire ganyu apeze ufa. Sabata yotsatira ajomba masiku awiri. Akabwerera apeza masamu apita patsogolo, sakumva kanthu, manyazi amugwira, ajombanso. Pofika Isitala dzina lake latsala m'kaundula mokha. Palibe tsiku limene ananena kuti ndasiya sukulu. Inangomuchoka m'manja pang'onopang'ono.

Kale nthochi zinkatithandiza pamenepa. Thekerani ankadziwika ndi nthochi, magalimoto ankabwera kudzanyamula kupita nazo ku Blantyre, ndipo bambo ankadula mikoko ingapo fizi n'kukwana. Matenda a chisaka atalowa, minda inatha tikuona. Tinatsamira nandolo, naye mtengo wake unagwa kwambiri cha m'ma 2017 India atachepetsa kugula. Kenaka sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri mu 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi milatho m'chigawo chino, sukulu n'kutsekedwanso. Nthawi iliyonse sukulu zikatsegulidwa, mabenchi ena ankakhala opanda eni ake. Ndikunena izi kuti musadzione ngati ndinu nokha amene kwanu kukuvuta. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ganyu gwirani Loweruka. Kumunda pitani m'mamawa kapena mukaweruka. Tsiku la sukulu likhale la sukulu, ngakhale mutafika mutanyowa, ngakhale mutafika mochedwa n'kupatsidwa chibalo. Kope likulungeni m'jumbo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo silabasi imatha ndi kupezeka tsiku ndi tsiku.

Inu atsikana, ndiyankhule nanu ngati ana anga enieni, chifukwa nkhani iyi inalowa m'nyumba mwanga. Mwana wanga woyamba anali wanzeru kuposa alongo ake onse. Ali Fomu 2 anatenga mimba. Masiku amenewo lamulo linali lakuti mtsikana wotere achotsedwe basi, osabwereranso. Ndinapita kukamutenga ndekha. Ndikukumbukira sutikesi yake ya malata pamutu, ndi makope amene anawanyamula m'manja ngati kuti adzawafunabe. Ine ndinali wokwiya, njira yonse sindinamuyankhule. Amene anamupatsa mimbayo anapitiriza moyo wake. Mwanayo lero ndi mayi wamkulu, amalima ndi kugulitsa tomato, ndipo makope aja anawasunga mpaka chiswe chinawadya. Mu 1993 boma linasintha, linalola kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Kwa mwana wanga zinabwera mochedwa. Kwa inu zilipo. Mdzukulu wanga wina zitamuchitikira zomwezo, amayi ake, mwana wanga yemwe uja, anati, "Mwanayu ndilera ine, iwe Lolemba uvale yunifolomu." Anabwerera, anzake anamunena, anapirira, analemba MSCE n'kukhoza.

Sindikunena izi kuti muzichite dala. Kubwerera ndi mwana kumsana n'kowawa, ndipo ambiri sabwerera. Chenjerani ndi wa kabaza amene akuti kwera ulere tsiku lililonse poona kuti kwanu n'kutali. Chenjerani ndi wobwera ku Joni mu Disembala ndi foni yonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati munthu wamkulu aliyense, kaya ndi wa pamsika kaya ndi mphunzitsi, ayamba kukuitanani kumbali, kauzeni amayi a mother group, aphunzitsi aakazi kapena mayi anu tsiku lomwelo. Manyazi si anu, ndi ake. Ndipo dziwani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Amalume anu ngakhale ali eni mbumba, alibe mphamvu yokukwatitsani muli pasukulu. Kuchinamwali anakulangizani ulemu ndi kudzisamala, zimenezo sungani. Mawu akuti mwakula asakutulutseni m'kalasi.

Za selufu ndiwauze makolo anu inu mukumva. Mwana wa kutali timamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, kumusiyira ufa pang'ono ndi nyemba, n'kuiwala. Ufa ukatha pakati pa mwezi, mtsikana wa zaka 14 ali yekha, chitseko chopanda loko, mukuganiza kuti atani? Ngati palibe kuchitira mwina, akhale awiri kapena atatu, pakhomo pa mayi wodziwika, ndipo kholo lizipita kukamuona osati kungotumiza uthenga.

Anyamata, inu chimakunyengani ndi ndalama ya lero. Mnzanu wasiya Fomu 2, wakwera njinga yamoto ya bwana wina, madzulo ali ndi ya chipisi ndi mayunitsi, inu m'thumba muli mbee. Ndikudziwa kuti zimapweteka. Koma mufunseni kuti akapereka ya mwini njinga ndi ya mafuta amatsala ndi zingati, ndipo akagwa m'matope a msewu wathuwu n'kuthyoka mwendo adzamudyetsa ndani. A ku Joni amakuonetsani zithunzi, za kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi ndi kuthawa apolisi chifukwa cha mapepala sakuuzani. Joni sathawa, kabaza sathawa. Mukafuna mudzapita muli ndi satifiketi m'chikwama. Koma mnyamata amene wachoka pabenchi n'kulawa ndalama, kubwerera kumamuvuta kuposa mtsikana wobereka. Zimenezi ndaziona kambirimbiri.

M'mera mpoyamba. Mayeso a JCE anachotsedwa kwa zaka zingapo ndipo anabwereranso mu 2021, ndiye Fomu 1 ndi 2 musaziyese zopumira. Masamu a Fomu 3 amaima pa a Fomu 1. Pezani anzanu atatu kapena anayi, atsikana ndi anyamata, muzikumana mukaweruka dzuwa lisanalowe, popeza kwathu kuno magetsi ndi a nyumba zowerengeka. Wodziwa masamu aphunzitse anzake, wodziwa Biology achite chimodzimodzi. Pemphani mapepala a mayeso akale kwa aphunzitsi. Buku likakhala limodzi, lizigona kwa uyu lero, kwa uyo mawa.

Ndipo inu amene mayina anu sanatuluke koma mwakhala nawo pano mukumvetsera, musadzitaye. Kuli open, sukulu ya masana, mayeso ake ndi omwewo. Kubwereza Sitandade 8 si mlandu.

M'boma lathu lomwe lino, ku Ndata, kuli yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014. Ana amachokera ku Karonga ndi ku Mchinji kudzaphunzira za sayansi pakhomo pathu. Ndimafuna kuti tsiku lina mwana wa mayi wothyola tiyi wa kuno akalowe pageti limenelo ndi kalata yake m'manja, osati kukafuna ganyu yotchetcha. Kulinso UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, ndi Mzuni ku Mzuzu, ndipo pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Si nonse mudzapita kumeneko, ndipo palibe chochititsa manyazi. Kuli makoleji a uphunzitsi, monga wa DAPP ku Amalika konkuno ku Thyolo, kuli unamwino ku Malamulo, kuli ntchito zamanja za TEVETA. Ngakhale amene adzabwerere kumunda, adzabwerere akutha kuwerenga sikelo ya venda, pepala la feteleza ndi kalata ya ngongole asanasaine.

Chomaliza ndikusenzeni katundu. Tsiku loyamba lija, dziwani dzina la amene mwakhala naye benchi limodzi, mudziwenso mudzi wake. Akajomba masiku atatu otsatizana, musadikire aphunzitsi. Loweruka pitani kwawo ndi makope anu, mukamufunse chavuta n'chiyani. Ngati ndi njala, ngati ndi yunifolomu, ngati ndi mimba, ngati akufuna kumukwatitsa, bwerani mudzatiuze ife a komiti, kapena amayi a mother group, kapena amfumu. Ana ambiri amene ndinawawerenga m'kaundula uja tinamva nkhani yawo patatha teremu yathunthu, ndipo anzawo a m'kalasi ankadziwa kuyambira sabata yoyamba. Pakhomo panga mukupadziwa, ndipo masana ndimakhalapo. Bwerani msanga, adzukulu anga, mnzanuyo asanafike patali.